Pantchito Tsiku ndi Tsiku, Umphawi Osachoka: Dziwani Ufulu Wanu pa Malipiro

"Ngati sukufuna, geti ndi ilo. Ofuna ntchito ndi ambiri kunjaku." Mawu amenewa amamveka m'mashopu a ku Limbe, m'maesiteti a fodya ku Kasungu, m'makampani olemba alonda, ngakhalenso m'makhitchini a nyumba za mipanda ku Area 47 ndi ku Namiwawa. Wantchito akauzidwa chonchi amangoti duu, pakuti akudziwa kuti pagetipo palidi anthu amene angavomere theka la ndalama imene iye akuidandaula. Koma kuchuluka kwa anthu osowa ntchito sikupatsa bwana aliyense chilolezo cholipira mmene wafunira. Dziko lino lili ndi malamulo a malipiro, ndipo ndi amphamvu kuposa mmene apantchito ambiri amaganizira.

Kafukufuku amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti anthu 50.7 pa 100 alionse m'Malawi ndi osauka. Tisamaganize kuti onsewa ndi okhala manja lende. Pakati pawo pali anthu amene amadzuka kusanache, kuyenda wapansi kuchokera ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi kupita kuntchito, n'kubwerera dzuwa litalowa, koma mwezi usanafike pakati ndalama yatha ndipo ali kale m'manja mwa akatapila. Umphawi wa munthu amene ali pantchito ndi wowawa mwapadera. Mphamvu zake wapereka kwa wina, nthawi yolima kapena yochita kageni alibe, koma mwana wake akugona ndi njala chimodzimodzi ndi wa munthu amene sakugwira ntchito.

Gwero la ufulu wa wantchito ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994. Gawo 31 limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, ndi kulandira malipiro oyenera. Limamupatsanso ufulu woyambitsa kapena kulowa bungwe la apantchito, ndipo limalamula kuti ogwira ntchito yofanana alandire mofanana, posayang'ana kuti uyu ndi mkazi, uyu ndi wolumala, uyu ndi wa mtundu wakutiwakuti. Gawo 27 limaletsa ukapolo, ntchito yokakamiza, ndi kumangirira munthu pantchito mpaka kusanduka ngati kapolo.

Ndime zimenezi zinabwera ndi misozi. Makolo athu anagwira thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo m'minda ya atsamunda, ndipo nkhanza za pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero zinali pakati pa zifukwa zimene John Chilembwe ndi anthu ake anaukira mu 1915. Mu Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Chikatolika imene inagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi inadandaula poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka komanso za kuchepa kwa malipiro. Patangotha miyezi iwiri, apantchito a pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo kunyanyalako kunafalikira m'malo ena. Choncho pamene mukufunsa za malipiro anu simukuchita mwano. Mukugwiritsa ntchito ufulu umene anthu anavutikira.

Mlingo umene lamulo limakakamiza

Tsatanetsatane wa ufulu umenewu ali m'lamulo la Employment Act la chaka cha 2000. Lamuloli limakhudza olembedwa ntchito m'makampani, m'mabungwe, m'boma ndi m'makomo a anthu. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende ndiwo ali ndi malamulo awoawo. Nduna ya zantchito ili ndi mphamvu yoika malipiro otsikitsitsa itakambirana ndi oimira mbali zonse ziwiri: apantchito, amene bungwe lawo lalikulu ndi Malawi Congress of Trade Unions, ndi olemba ntchito, amene amaimiridwa ndi bungwe la ECAM. Ndalamayo ikangosindikizidwa mu gazeti ya boma, yasanduka lamulo.

Mu Januwale 2021 malipiro otsikitsitsa anafika pa K50,000 pamwezi. Mu Febuluwale 2024 anakwera kufika pa K90,000, ndipo mu 2025 anafika pa K126,000, zimene zikutanthauza pafupifupi K4,846 patsiku tikawerengera masiku 26 ogwira ntchito pamwezi. Antchito a m'nyumba anaikiridwa mlingo wawo, K52,000 mu 2024 ndi K72,800 mu 2025, ndipo magulu ena monga oyendetsa mathiraki alinso ndi wawo. Popeza ndalamazi zimasintha, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu mukafunse mlingo wa ntchito yanu wa chaka chino, muulembe m'kabuku.

Mfundo imene ambiri saidziwa ndi iyi: simungataye ufulu umenewu posainira pepala. Ngakhale mutavomera nokha, chifukwa cha njala, kuti muzilandira zochepera mlingo wa boma, mgwirizano wotero ulibe mphamvu pamaso pa lamulo. Bwana wolipira zoperewera wapalamula mlandu umene chilango chake ndi chindapusa ndi ndende, ndipo ndalama imene anakumanani ndi ngongole yoti akubwezereni. Mawu akuti "tinagwirizana" samupulumutsa.

Koma apa ndi pamene pagona nkhani. Malipiro otsikitsitsa ndi malipiro okwanira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Oyambawo ndi malire oti wolemba ntchito asatsike kupitirira pamenepo. Malipiro okwanira ndi amene munthu amalandira pa maola ovomerezeka, osadalira ovataimu, n'kukwanitsa nawo kudyetsa banja lake chakudya chopatsa thanzi, kulipira lendi ya nyumba yosadontha, madzi abwino, sukulu ya ana, chipatala, mayendedwe ndi zovala, n'kutsalako kangachepe ka tsiku la matenda kapena maliro. Ganizoli si lachilendo. Bungwe loona za apantchito padziko lonse la ILO, limene Malawi analowa mu 1965, linaika nkhani ya malipiro okwanira m'malamulo ake pamene linkakhazikitsidwa mu 1919, ndipo ndime 23 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha 1948 imati wogwira ntchito alandire zimene zingamusunge mwaulemu, iye ndi banja lake.

Bungwe la Centre for Social Concern la ku Lilongwe limayendera misika n'kuwerengera ndalama imene banja la anthu asanu ndi mmodzi lifunika pamwezi kuti ligule zofunika zenizeni, monga chimanga, ndiwo, mafuta ophikira, sopo, makala ndi lendi. Kwa zaka zambiri ndalama imeneyi m'mizinda yathu yakhala ikuposa malipiro otsikitsitsa kangapo. Simufunika kukhala katswiri wa zachuma kuti mutsimikize. Tengani K4,846 ya mu 2025 ija, muchotsepo ya minibasi popita ndi pobwera, kenaka muone ngati yotsalayo ingagule ufa, bonya, tomato ndi makala a tsiku limodzi, musanaganize za mwininyumba.

Lamulo la Employment Act lija limauza nduna kuti poika mlingo iganizire zosowa za wantchito ndi banja lake, kukwera mtengo kwa zinthu, komanso mmene chuma chikuyendera, ndipo iuwunikenso kosachepera kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Zaka zitatu ndi nthawi yaitali kwambiri m'dziko limene ndalama yake imagwa kawirikawiri. K50,000 ija inakhala yosasintha kuyambira 2021 mpaka kumayambiriro kwa 2024, pamene pakati pakepo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo ya m'sitolo inakwera usiku womwewo. Malipiro a wantchito anadikira miyezi. Kwa ine, mlingowu uyenera kuwunikidwa chaka ndi chaka, motsatira mitengo ya pamsika, ndipo apantchito ali ndi ufulu wonse woumiriza aphungu awo kuti lamulo linene zimenezo.

Kumene ndalama ya wantchito imathawira

Olemba ntchito ena amalipira mlingo wa boma pa pepala, koma amaubweza mwa njira zina. Njira yaikulu ndi maola. Lamulo limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo munthu asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana osapuma maola 24 athunthu. Chilichonse chopitirira pamenepo ndi ovataimu, ndipo ili ndi mtengo wake. Ola lowonjezera pa tsiku la ntchito limalipidwa mtengo wa ola limodzi ndi theka. Ola logwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa tchuthi cha boma limalipidwa kawiri. Munthu wa K4,846 pa tsiku la maola asanu ndi atatu ndiye kuti ola lake ndi pafupifupi K606, ovataimu wamba ndi K909, ndipo ya pa tsiku lopuma ndi K1,212. Zingaoneke zochepa, koma muwerengere mlonda amene amalowa 6 koloko madzulo n'kutuluka 6 koloko m'mawa masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Ameneyo wagwira maola 72, ndipo 24 mwa iwo ndi owonjezera. Pa chaka, ndalama imene akumanidwa ingalipire mwana sukulu.

Njira ina ndi kudula malipiro. Bwana alibe mphamvu yokulipiritsani chindapusa ngati chilango. Angathe kusakulipirani tsiku limene munajomba popanda chifukwa, kapena kuchotsa ndalama ya katundu amene mwawononga. Sangakulipireni ndi mowa, ndipo sangakukakamizeni kugula m'sitolo yake. Muli ndi ufulu wolandira kapepala kosonyeza malipiro anu onse, zimene zachotsedwa, chifukwa chake, ndi zotsala. Kapepala kameneka musamakataye.

Palinso zina zimene zili mbali ya malipiro ngakhale sizilowa m'thumba pakutha pa mwezi. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu, ndipo chimalipidwa. Mukatha chaka pantchito n'kudwala, dokotala atatsimikiza, mumalandira malipiro onse kwa masabata anayi ndi theka la malipiro kwa masabata asanu ndi atatu. Mayi woyembekezera ali ndi masabata asanu ndi atatu olipidwa pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kuchokera mu 2021 bambo nayenso ali ndi masabata awiri. Kwa amene lamulo la penshoni likuwakhudza, wantchito amasonkha 5 peresenti ndipo bwana amaika 10 peresenti. Funsani ku kampani ya penshoni ngati ndalamazo zikufikadi, chifukwa alipo olemba ntchito amene amadula koma osatumiza. Ntchito ikatha, zanu zonse ziperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri.

Kusintha kwa lamulo kwa 2021 kunathetsanso utenanti, mchitidwe wa m'maesiteti a fodya umene banja lonse limalima chaka chathunthu likudya ufa wa ngongole, n'kudzauzidwa pogulitsa fodya kuti palibe chotsala. Amene akusungabe matenanti mwa njira imeneyi akuphwanya lamulo.

Phunziro la kuminda ya tiyi

Tinene mosabisa: lamulo lathu limakakamiza malipiro otsikitsitsa okha. Simungapite kukhoti kukasumira bwana kuti akulipira mlingo wa boma koma sukukwana. Malipiro okwanira amabwera pokambirana, ndipo wantchito mmodzi payekha sakambirana, amangopempha. Paja mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake lamulo la Labour Relations Act la 1996 limateteza mabungwe a apantchito, ndipo limati bungwe limene lili ndi mamembala okwana 20 pa 100 alionse pamalo a ntchito lingaitane bwana kuti akambirane za malipiro.

Zimene zinachitika kuminda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje zikuonetsa kuti njirayi imatheka. Mu 2014 akatswiri awiri, Richard Anker ndi Martha Anker, anawerengera ndalama imene banja la wothyola tiyi limafunika kuti likhale moyo waulemu, ndipo zinaoneka poyera kuti malipiro anali otsika kwambiri. Mu 2015 kunayamba ndondomeko ya Malawi Tea 2020, imene inasonkhanitsa eni minda a m'bungwe la Tea Association of Malawi, makampani akunja ogula tiyi wathu, ndi mabungwe monga Oxfam, IDH ndi Ethical Tea Partnership, ndi cholinga chofikira malipiro okwanira. Mu 2016 eni minda ndi bungwe la apantchito a m'minda la PAWU anasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro m'mbiri ya tiyi m'dziko muno. Malipiro anakwera kuposa mlingo wa boma wa nthawiyo, ndipo chakudya cha masana cha apantchito chinakonzedwako.

Cholinga sichinafikiridwe chonse. Pofika 2020 mpata unali utachepa koma unalipobe, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu kunkadya zimene zawonjezedwa. Komabe nkhaniyi ikutiphunzitsa ziwiri. Choyamba, mtengo umene ogula akunja amapereka pa tiyi umafika mpaka m'mbale ya wothyola, kotero iwonso ali ndi udindo. Chachiwiri, malipiro anasuntha pamene apantchito anakhala pa tebulo ngati bungwe, ali ndi manambala m'manja.

Olemba ntchito amadandaula kuti magetsi amavuta, ndalama zakunja zikusowa, chiwongoladzanja cha kubanki ndi chokwera, ndipo akakweza malipiro adzachotsa anthu. Madandaulo amenewa si onse abodza, makamaka kwa mwini kagolosale kapena chigayo chimodzi. Koma sachotsa udindo wolipira mlingo wa lamulo, ndipo sayenera kukhala pobisalira makampani amene amalengeza phindu la mabiliyoni chaka ndi chaka. Ndiponso ndalama ya wantchito wamba sipita kutali. Imagula tomato wa mlimi wa ku Ntcheu, imalipira telala, wakabaza ndi mwininyumba. Apantchito akamalandira zosakwana, ogulitsa onsewa amasowa ogula.

Nkhaniyi isathere kwa eni makampani okha. Ambiri a ife amene timadandaula za mabwana athu tilinso mabwana kunyumba. Mtsikana amene mwamutenga kumudzi, amene amadzuka ana asanadzuke n'kugona mbale zonse zitatsukidwa, ndi wantchito pamaso pa lamulo. Ali ndi mlingo wake wa malipiro, tsiku lopuma ndi tchuthi. Kunena kuti "amadya nafe, timamusunga ngati mwana wathu" sikulowa m'malo mwa ndalama yake. Ngati sanakwane zaka 14, simuyenera kumulemba ntchito n'komwe; malo ake ndi kusukulu. Ngati thumba lanu silingakwanitse wantchito wa mwezi wathunthu, gwirizanani kuti azibwera masiku ochepa pa sabata, mumulipire moyenera masikuwo, kuti masiku enawo akapeze kwina.

Mukaponderezedwa

Yambani ndi umboni. Gulani kope muzilembamo tsiku limene munayamba ntchito, nthawi yolowera ndi yotulukira tsiku lililonse, ndi ndalama imene mwalandira. Sungani mapepala a malipiro ndi mauthenga a pafoni osonyeza ndalama zimene zalowa. Bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo ayenera kukupatsani kalata yofotokoza ntchito yanu, malipiro ndi maola pasanathe mwezi umodzi, koma kusowa kwa kalata sikutanthauza kuti simuli pantchito. Mgwirizano wapakamwa nawonso ndi mgwirizano.

Kenaka lankhulani ndi bwana mwaulemu, muli awiri kapena atatu, kapena kudzera ku bungwe lanu. Nkhani zambiri zimathera pamenepo, chifukwa olemba ntchito ena sadziwa kuti mlingo unasintha. Zikakanika pitani kuleba. Mkulu wa zantchito ali ndi mphamvu yolowa pamalo a ntchito popanda kuchenjeza, kuona mabuku a malipiro ndi kuitana mbali zonse ziwiri, ndipo lamulo limamulamula kusunga chinsinsi cha amene wabweretsa dandaulo. Zikavuta kumeneko, nkhani imapita ku khoti la zantchito la Industrial Relations Court, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Amene alibe ndalama ya loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Mantha a ambiri ndi akuti akadandaula achotsedwa. Lamulo linaoneratu zimenezi. Kulowa bungwe la apantchito kapena kukadandaula za bwana si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito. Munthu asanachotsedwe pa mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza, ndipo kukhoti ndi bwana amene ayenera kuonetsa kuti chifukwa chake chinali chomveka. Mukachotsedwa mopanda chilungamo musazengereze: kaperekeni dandaulo ku ofesi ya leba pasanathe miyezi itatu.

Ufulu umayenda ndi udindo. Wofuna malipiro oyenera afike pantchito nthawi yake, agwire ndi mtima wonse, asamale katundu wa bwana, ndipo akafuna kunyanyala ntchito atsate ndondomeko ya lamulo, chifukwa kunyanyala kosatsata njira kumachotsa chitetezo chimene lamulo limapereka. Boma nalo lili ndi ngongole kwa apantchito. Lamulo labwino silithandiza ngati ofesi za leba zilibe galimoto kapena mafuta oyendera m'maesiteti ndi m'mafakitale, ndiponso ngati mlandu wa malipiro a mlonda utenga zaka kukhoti. Ndiponso boma ndi makhonsolo, popereka makontirakiti a misewu, ulonda ndi ukhondo, angathe kulamula kuti kampani yopambana ionetse mabuku ake a malipiro.

Inu amene muli pantchito, werengerani maola anu mwezi uno, mufunse mlingo wa ntchito yanu ku ofesi ya leba, ndipo muuzeko anzanu zimene mwapeza. Inu amene mumalemba anthu ntchito, kaya ndi mazana kaya ndi mmodzi, khalani pansi muwerengere ngati ndalama imene mumapereka ingadyetse banja la munthuyo mpaka mwezi kutha. Ngati singakwane ndipo mungathe kuwonjezera, wonjezerani, musadikire gazeti ya boma.